NTHENDA YA M'CIKHODZODZO YAYAMBA KUKANA MANKHWALA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Pali nthenda imene anthu ambiri m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi saikamba pagulu cifukwa ca manyazi. Munthu amva kutentha pokodza monga wathiridwa tsabola. Apita kuthengo kawiri-kawiri, koma mkodzo ungotuluka pang'ono, wotuwa kapena wonunkha, ndipo m'munsi mwa mcombo mupweteka. M'malo mokwera njinga kunka ku cipatala ca St. Francis kapena ca Nyanje, ambiri angotuma mwana ku kantemba kukagula makapisozi awiri kapena atatu. Kale zimenezi zinali kuoneka monga zithandiza. Masiku ano kapisozi yemweyo amwedwa, koma nthenda siicoka.

Mwini wa nthendayi kawiri-kawiri ndi kacirombo kosaoneka ndi maso kochedwa E. coli. Mwa odwala anai ali onse, pafupi-fupi atatu adwala cifukwa ca iko. Kwao kwa kacirombo aka ndi m'matumbo mwathu, ndipo kumeneko kakhala mwamtendere. Mlandu uyamba kakasocera ndi kulowa m'njira ya mkodzo. Amai ndiwo avutika koposa abambo popeza njira yao ndi yaifupi ndipo iri pafupi ndi kotulukira cimbudzi.

Si tizirombo tonse ta mtundu uwu tiri taukali. Tija toopsa tiri ndi tiubweya tokhala ngati mbedza, timene tikolera nato ku khoma la cikhodzodzo kuti mkodzo usatikokolole. Tina tiboola khomalo ndi kubisala m'kati, ndiye cifukwa cace nthenda ibweranso kwa munthu amene anayesa kuti wacira. Tina tikwera mpaka ku impso, ndipo kucokera kumeneko tikhoza kulowa m'magazi ndi kupha munthu m'masiku owerengeka.

Nanga mankhwala alephera bwanji? Alimi a thonje adzamva msanga. Mukasungunula mankhwala opopera ndi madzi ambiri pofuna kuti akwanire munda wonse, mbozi zofooka zifa, koma zolimba zitsala ndi kuswana. Ndi mmenenso ziriri m'thupi. Makapisozi atatu apha tizirombo tofooka, ululu uleka, ndipo wodwala asunga otsalawo m'thumba la jekete kuti adzathandize tsiku lina. Totsala tija ticuluka, ndipo cozizwitsa ncakuti tikhoza kupatsira mphamvu yace yokana mankhwala kwa tizirombo tina, ngakhale ta mtundu wina. Kucokera m'cimbudzi ca munthu mmodzi, tifika pa citsime ca mudzi wonse.

Zimenezi si zacilendo kwa akatswiri. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anacenjeza mu 1945 kuti kumwa mankhwala osakwanira kudzazoloweretsa tizirombo. Mau ace apherezeka. Ofufuza anapeza kuti mu 2019 mokha anthu okwanira 1,270,000 anafa pa dziko lonse cifukwa ca tizirombo tokana mankhwala, ndipo E. coli ndiye anatsogola pa kupha. Maiko a mu Africa kum'mwera kwa cipululu ca Sahara ndiwo anakhudzidwa koposa. Boma lathu linakhazikitsa pulani ya zaka khumi yolimbana ndi bvutoli, kuyambira 2017 kufikira 2027.

Ampicillin ndi Septrin, amene kale anali kuciritsa nthendayi, tsopano alephera pa odwala oculuka. Apa ndiyenera kucenjeza: amene anapatsidwa Septrin ku cipatala cifukwa ca kacirombo ka HIV asaleke kumwa, pakuti awateteza ku matenda ena. Koma asaganize kuti awateteza ku nthenda ya m'cikhodzodzo.

Coipa cina ca mankhwala a pa kantemba ncakuti wogulitsa sadziwa cimene cikudwalitsani. Mwana amene asamba m'madamu ndi m'madambo, nakodza magazi pomalizira, kawiri-kawiri ali ndi likodzo, ndipo likodzo limva mankhwala a praziquantel, osati makapisozi. Cinzonono naconso citentha pokodza, koma cifuna mankhwala ace, ndiponso mwamuna ndi mkazi alandire onse awiri. Ku cipatala apima mkodzo. Kumene kuli labotale yokwanira, amera tizirombo m'kambale ndi kutiyesa ndi mankhwala osiyana-siyana kuti aone amene atipha. Nchito imeneyi itenga masiku awiri kapena atatu, ndipo nzoona kuti kwa munthu wa ku Vubwi ulendo ndi wautali ndi wodya ndalama. Komabe ngakhale pa kiliniki ya pafupi, anamwino adziwa mankhwala amene akali ndi mphamvu, monga nitrofurantoin, ndi masiku oyenera kumwa. Lamulo la dziko lino silola kugulitsa mankhwala otere popanda kalata ya dotolo, ndipo bungwe la ZAMRA ndilo liyang'anira zimenezi.

Oweta ng'ombe ndi nkhuku nawonso ali m'nkhaniyi. Mankhwala a oxytetracycline amene tibaya ng'ombe popanda kufunsa alangizi a ziweto ndi abale a amene timwa ife, ndipo tizirombo tozolowera m'khola tifika kwa anthu kupyolera m'ndowe ndi m'madzi.

Amai apakati asacedwe ngakhale tsiku limodzi, cifukwa nthendayi ikhoza kubadwitsa mwana masiku asanakwane. Nthawi zina ikhala m'thupi popanda ululu uli wonse, nciye anamwino apempha mkodzo pa sikelo. Madoda amene mkodzo uwabvuta kuturuka, makamaka oikidwa kapaipi, afunika kuyang'aniridwa ndi a pabanja. Wodwala akayamba kutentha thupi, kunjenjemera, kusanza ndi kumva kupweteka m'nthiti cakumsana, nthenda yafika ku impso. Malungo nawo ayamba cimodzi-modzi, cotero pofika ku cipatala muwauze anamwino za kutentha pokodza kuja, ndipo mutenge mapepala a mankhwala onse amene wodwalayo wamwa kale.