DZANJA LOFUMBATA LIMENE LIMALETSA MWAZI

Tonsefe tinadzicekapo ndi mpeni posenda cinangwa. Mwazi umatuluka, timamangapo kansalu, ndipo posakhalitsa waleka. Ife timayamika kansaluko, pamene nchito yeniyeni yacitidwa ndi tizinthu tating'onong'ono ta m'mwazi tochedwa ma platelet. Timapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo moyo wake ndi masiku 7 kufikira 10 cabe.

Pa platelet iliyonse pali timanja pafupifupi 80,000, dzina lake integrin. Masiku onse timanjati timakhala topindika ndi tofumbata. Kutero nkoyenera, pakuti m'mwazi momwemo mumayandama fibrinogen, amene ali ngati ulusi womangira. Timanjati tikadamgwira popanda cifukwa, mwazi ukadaundana m'mitsempha.

Mtsempha ukang'ambika, platelet imakhudza collagen wa m'cipupa cake, nimvanso mankhwala a m'thupi ochedwa thrombin ndi ADP. Cimene citidabwitsa ife ndi cakuti dzanja silitsegulidwa ndi wakunja. Uthenga umayamba walowa mkati mwa platelet. M'menemo mapuloteni awiri, talin ndi kindlin, amagwira tsinde la integrin, monga mwini nyumba amene wamva odi nacotsa mpiringidzo. Pamenepo dzanja limawongoka, nitambasuka, nigwira fibrinogen. Nsonga ina ya ulusiwo igwiridwa ndi platelet inzake, iyonso ndi inzake, kufikira bala litatsekeka.

Mu 1918 dokotala wa ana wa ku Switzerland, Eduard Glanzmann, analongosola nthenda ya ana otaya mwazi wosaleka msanga. Lero tidziwa kuti m'nthenda yochedwa ndi dzina lake ma platelet amakhalapo okwanira, koma timanja tija tilibe kapena sitigwira. Ndi nthenda yosowa, ndipo mwana amaitengera kwa atate ndi amai omwe, ngakhale iwo ali bwinobwino. Amadwala kamfuno kawirikawiri, amatuluka mwazi m'nkhama, ndipo mtsikana akakula amataya mwazi wocuruka pa mwezi.

Pa banja lotere tamva kangati agogo akunenezedwa ufiti? Coopsa koposa ndi kumtemera mphini mwanayo, pakuti lumo litsegula mabala amene thupi lake silingathe kutseka. Aspirin nayenso asampatse, cifukwa amafooketsa platelet kwa moyo wake wonse. Mwana amene mwazi wake sumva kansalu timtengere kucipatala, tikawauze anamwino ngati pali wina pa cibale amene anadwalapo cimodzimodzi.