Kambalame Kobisala m'Dambo: Kazindikireni, Kasungeni

Abale ndi alongo mwa Ambuye a ku Kabwata ndi mipingo yoyandikana nayo,

Chilala cha 1992 ndi cha 2024 chinatiphunzitsa kuti dimba lidalira dambo, pakuti dambo ndilo lisunga madzi a mvula ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono. Inu amene mulima madimba kunja kwa mzinda, monga cha ku Ngwerere ndi ku Chongwe, dziwani kuti pali kambalame kamene kangakuuzeni ngati dambo lanu likali lamoyo. Ndi ka mtundu wa kakowa, ndipo m'Chingerezi kamatchedwa Dwarf Bittern.

Maonekedwe ake

Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 30. Mutu, msana ndi mapiko n'zotuwa moderako. Kukhosi ndi kumimba n'koyererako, kokhala ndi mizere yakuda yotsikira pansi. Musakasokoneze ndi mbale wake Green-backed Heron, amene ali ndi chipewa chakuda pamutu, alibe mizere yakuda yotere, ndipo akhala kuno chaka chonse.

Makhalidwe ake

Kamafika ndi mvula, cha mu Novembala, ndi kubwerera kumpoto cha mu Epulo. Kamakonda malo a udzu ndi timitengo pamene madzi a mvula aima. Kamayenda kokha, makamaka mbandakucha ndi chisisira, kusaka achule, ziwala ndi tinsomba. Kakaopsedwa kamaima chilili, mlomo kuloza kumwamba, kapena kuthawira m'mtengo. Chisa chake ndi cha timitengo touma, pa nthambi yolendewera pamwamba pa madzi.

Mukakaona, ndiye kuti madzi akhalitsa pamalopo ndipo achule akuswana. Chaka cha chilala kamapita kwina.

Zoyenera kuchita

1. Polima dimba, siyani udzu ndi mitengo m'mphepete mwa madzi.
2. Musatsukire m'dambo zopoperera mankhwala. Zimene zipha achule zifikanso m'chitsime chanu.
3. Musatenthe dambo, ndipo musatayemo zinyalala.
4. Letsani ana kulasa mbalamezi ndi malegeni kapena kutola mazira ake.
5. Mukakaona, uzani mkulu wa mpingo tsiku ndi malo ake, kuti tidziwe madambo amene asunga madzi.

Dziko ndi la Mulungu, ife ndife adindo chabe. Dambo limene tilisunga lero ndilo lidzatipatsa ndiwo mvula ikadzatimananso.