Chambiko kumaso: chimathandiza pati, chimalephera pati

MOATIZE: Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la kuno limawotcha ngati moto, ndipo fumbi la pamsewu wa EN7, wopita ku Zóbuè mpaka ku Mwanza, limasiya khungu lotuwa ndi losweka. Ndiye nthawi imene atsikana ndi amayi amayamba kufunsana za chodzola. Ena ayamba kupaka yogati kapena chambiko kumaso.

Nzeruyi siyopanda pake. Mkaka ukasasa umakhala ndi asidi wofatsa amene amasupula khungu lakufa lapamwamba, ndipo mafuta a mkakawo amafewetsa pouma. Asidi ameneyu anapezeka koyamba mu 1780 ndi katswiri wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, mumkaka wosasa womwewu. Kudzola zakumudzi sikwachilendo m'dziko muno: amayi a ku Nampula ndi Ilha de Moçambique amapaka mussiro, opera kuchokera kumtengo, kuyambira kalekale.

Koma chambikocho chikhale cha mkaka wowiritsa, poti mkaka wauwisi umatha kunyamula matenda a ng'ombe. Yogati wa shuga wa m'sitolo ndi wakumwa basi. Kumaso angoitana ntchentche. Munthu ayambe wayesa pamkono, kenako apake mphindi khumi, asambe ndi madzi oyera. Pabala ndi pafupi ndi maso ayi.

Chimene chambiko sichingachite ndi kuyeretsa munthu wakuda. Apa mpamene pagona nkhani, chifukwa amene akhumudwa nacho amathamangira mafuta oyeretsa khungu a m'misika ya kumalire. Ena mwa mafutawa ali ndi mercury, amene bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, likuti amawononga impso ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba. Ena ali ndi hydroquinone, amene South Africa inaletsa m'zodzoladzola mu 1990. Wodzola zaka zambiri amatuluka zigamba zakuda bii m'masaya, zovuta kuchotsa. Mu 2023 maiko a pangano la Minamata anagwirizana kuti pofika 2025 zodzoladzola zonse zothiramo mercury zisapangidwenso kapena kuwoloka malire. Vuto ndi lakuti kabotolo kake kawirikawiri sikanena zimene zili m'kati.

Zipere, mphere ndi ziphuphu zotuluka mafinya ndi matenda, ndipo mkaka sungazithe. Zimenezo nzopita nazo kuchipatala cha Zóbuè kapena cha Moatize, atanyamula kabotolo ka mafuta amene wakhala akudzola kuti anamwino akaone.