Nyuzipepala ya The Post ndi Tsamba Lake la pa Intaneti

Kwa zaka 25, nyuzipepala ya The Post inali imodzi mwa nyuzipepala zomwe anthu ankawerenga kwambiri muno m'Zambia. Mbiri yake ikuonetsa m'mene intaneti yasinthira kafalitsidwe ka nkhani, ngakhale m'madera a kumidzi monga ku Chiparamba pafupi ndi Chipata.

Nyuzipepalayi inayamba mu 1991 ndi dzina lakuti Weekly Post, ndipo mmodzi mwa omwe anaiyambitsa anali a Fred M'membe. Poyamba inkatuluka kamodzi pa sabata, koma pambuyo pake inayamba kutuluka tsiku ndi tsiku.

The Post inali ya mtundu womwe atolankhani amautcha tabloid. Masamba a nyuzipepala yotere amakhala theka la masamba aakulu omwe nyuzipepala za boma za Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail zinkagwiritsa ntchito. Mitu ya nkhani imalembedwa m'zilembo zikuluzikulu ndi mawu olasa, kuti munthu wodutsa pamsewu aime ndi kugula.

Panthawiyo The Post inkasindikizidwa ku Lusaka ndi kuyenda mtunda woposa makilomita 500 mumsewu wa Great East kuti ifike ku Chipata. Mlimi wa ku Chiparamba ankaiona pokhapokha wina akabwera nayo kuchokera m'tauni, ndipo nyuzipepala imodzi inkadutsa m'manja mwa anthu ambiri.

Nkhani yomwe inatchukitsa tsamba la pa intaneti la The Post inachitika mu February 1996. Kope la nambala 401 linaulula mapulani a boma okhudza kusintha malamulo aakulu a dziko. Mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Frederick Chiluba, analetsa kopelo, ndipo chiletsocho chinakhudzanso lomwe linali pa intaneti kudzera ku kampani ya Zamnet.

A M'membe, a Bright Mwape ndi a Masautso Phiri anamangidwa, koma mu 1997 bwalo lalikulu la milandu linawamasula. Kope la pa intaneti linachotsedwa ku Zamnet, komabe linapezekanso pa makompyuta a kunja kwa dziko, komwe chiletso cha boma la Zambia chinalibe mphamvu.

Pa 21 June 2016, bungwe lotolera misonkho la Zambia Revenue Authority linatseka The Post ponena kuti inali ndi ngongole ya msonkho yokwana pafupifupi K53 miliyoni. Akuluakulu a nyuzipepalayi anati cholinga chinali kuitseka pakamwa chisankho cha mu August chisanachitike, koma boma linakana zimenezi. Chaka chomwecho chisanathe, kunayamba nyuzipepala ina yotchedwa The Mast.

Masiku ano munthu wa ku Chiparamba yemwe ali ndi foni yolumikiza pa intaneti amawerenga nkhani nthawi imodzi ndi wa ku Lusaka. Koma liwiro lomwelo limathandizanso bodza, pakuti mutu wa nkhani umafala pa Facebook ndi WhatsApp anthu asanawerenge nkhani yonse.

Nyuzipepala yosindikizidwa imakhala ndi mkonzi wodziwika yemwe angayankhe mlandu m'khoti, pomwe masamba ena a pa intaneti satchula eni ake. N'chifukwa chake owerenga ayenera kuona komwe nkhani yachokera, ndi kuiyerekeza ndi zomwe wailesi monga ZNBC kapena Breeze FM ya ku Chipata yaulutsa, asanaitumize kwa anzawo.