Pamene Malawi inasiya kudikira makina a CD4

Chaka cha 2011 chisanafike, mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo ka HIV kusikelo sankayamba ma ARV pompo. Ankayenera kaye kutengedwa magazi kuti ayeze CD4, chiwerengero cha asilikali a m'thupi. Malangizo a bungwe la WHO a 2010 ankati mankhwala a moyo wonse apite kwa mayi amene CD4 yake yatsikira pa 350 kapena pansi pake, kapenanso amene wadwalika.

Koma makina oyezerawo anali m'zipatala zikuluzikulu. Kuchipatala chaching'ono chakumudzi, namwino ankalemba dzina pa kabotolo ka magazi n'kudikira galimoto yopita kuboma. Zotsatira zinkatenga masabata, nthawi zina osabwera n'komwe. Apo mimba ikukula, ndipo mayi amene wayenda mtunda wautali wapansi sankabwereranso kawirikawiri kudzamva zotsatirazo. Ambiri ankabereka asanayambe mankhwala, mwana n'kutengera kachilombo pobadwa kapena poyamwa.

Akatswiri a nthambi yoona za HIV ku Unduna wa Zaumoyo anaona kuti kutsatira malangizowo momwe analembedwera kunali kutaya amayi ndi ana omwe. Anakonza njira yawoyawo imene anaitcha Option B+: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV nthawi yomweyo, osayang'ana CD4, ndipo amwe moyo wake wonse. Mu July 2011, Malawi inakhala dziko loyamba pa dziko lonse kuyamba njirayi.

Chosankhacho chinali ndi maziko. National AIDS Commission inakhazikitsidwa mu 2001, ndipo boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004 ndi ndalama za Global Fund. Chaka chomwecho Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, nthawi imene pamaliro ambiri anthu ankangoti malemu adwala nthawi yaitali.

Unduna unasamalanso tinthu ting'onoting'ono. Mankhwala anakhala piritsi limodzi patsiku. Anamwino analoledwa kuyambitsa mayi mankhwala kusikelo komweko, osamutumiza kukafola pamzere wina kwa dokotala. Miyezi itatu iliyonse, magulu oyendera ankafika pachipatala chilichonse, kutsegula kaundula ndi kuwerenga mabotolo otsala m'nkhokwe.

Zotsatira sizinachedwe. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene anayamba ma ARV anali 1,257 m'miyezi ya April mpaka June 2011. Pofika July mpaka September 2012, anali 10,663. Mu 2013 WHO inaika njirayi m'malangizo ake, ndipo maiko ambiri a mu Africa anaitengera.

Chovuta chinatsalapo. Mayi amene wauzidwa m'mawa kuti ali ndi kachilombo, masana n'kupatsidwa botolo, ankafika kunyumba asanaganize momwe awauzire amuna ake. Ena ankabisa botolo m'thumba la ufa, ena osabwereranso kudzatenga lachiwiri. N'chifukwa chake zipatala zinayamba kudalira alangizi a zaumoyo ndi amayi anzawo omwe ali kale pa mankhwala, monga a bungwe la mothers2mothers, kuti azicheza ndi oyamba kumene ndi kulondola osowa.

Mu 2016 Malawi inatsegula khomo lomweli kwa aliyense wopezeka ndi kachilombo, mwamuna, mkazi kapena mwana.