Mankhwala a Siliva ndi Golide Opangidwa ndi Masamba: Zimene Tiyenela Kudziŵa

Mukapita kukapimitsa malungo ku kiliniki ya ku Kabwata, ku Chelstone kapena kuno ku Lilayi, anamwino amadonthetsa magazi pa kapulasitiki, ndipo patapita mphindi 15 kapena 20 pamaoneka mzela wofiilila. Pa zopimila zambili, mtundu umenewo umacokela ku golide. Ndi golide weniweni, koma ali m'tuzidutswa tung'onotung'ono tumene asayansi amatucha ma nanoparticle.

Tuzidutswa tumenetu tumayezedwa m'ma nanomita. Milimita imodzi ili ndi ma nanomita 1,000,000, ndipo tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi ma nanomita 80,000. Ma nanoparticle amakhala pakati pa 1 ndi 100. Citsulo cikacepa conco cimasintha khalidwe. Mu 1857, Michael Faraday wa ku London anaonetsa kuti golide wotele akakhala m'madzi amaoneka wofiila. Siliva nayenso amapha tuzilombo toyambitsa matenda mwamphamvu akakhala wocepa, cifukwa mbali yaikulu ya citsuloco imakhudzana ndi tuzilomboto. Siliva si wacilendo kucipatala: mafuta a silver sulfadiazine akhala akupakidwa pa mabala a moto kwa zaka zambili.

Nanga masamba akuloŵa pati? Njila yozoloŵeleka yopangila tuzidutswa tumenetu nthawi zambili imafuna makemikolo okwela mtengo, ena mwa iwo apoizoni. Ofufuza m'maiko ambili, kuphatikizapo India ndi South Africa, anapeza kuti zomela zingagwile nchito yomweyo. Amawilitsa masamba a moringa, nimu, aloe kapena tiyi m'madzi oyeletsedwa, amasefa, kenako amathila madziwo m'madzi mmene asungunulamo silver nitrate. Zinthu zacilengedwe za m'masamba zimabweza siliva wosungunukayo kukhala citsulo, ndipo zimakuta kacidutswa kalikonse kuti tusamatilane. Cizindikilo cakuti zatheka n'cakuti madziwo amasanduka acikasu, kenako abulauni.

Nkhaniyi ndi yofunika cifukwa tuzilombo tambili tuleka kumva mankhwala amene timadalila. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anaonetsa kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa cifukwa ca vutoli, ndipo cigawo ca Africa ca kumwela kwa Sahara ndico cinavutika koposa. Ngati mitengo yomela kumbuyo kwa nyumba zathu ingathandize kupanga zomangila mabala zochipa, phindu lake lingakhale lalikulu.

Koma nchitoyi ikali panjila. Zambili zayesedwa m'mbale za m'labotale ndi pa nyama, osati pa odwala. Masamba a m'cilimwe amasiyana mphamvu ndi a m'dzinja, ndipo nthaka nayo imasintha zinthu, conco tuzidutswa situtuluka tofanana nthawi zonse. Mankhwala amafunika kukhala ndi mlingo wodziŵika bwino. Ngakhale golide wa m'zopimila malungo uja amapangidwa m'mafakitale ndi makemikolo oyezedwa mosamala.

Apa ndiye pofunika kucenjela. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamapezeka mabotolo olembedwa kuti colloidal silver kapena nano silver, ndipo ogulitsa amati amacilitsa matenda onse. Mu 1999, bungwe la FDA la ku America linagamula kuti palibe umboni wakuti zinthu zotele n'zotetezeka kapena kuti zimacilitsa. Thupi silifuna siliva ngati cakudya. Munthu akamumwa kwa nthawi yaitali, siliva amaunjikana m'khungu n'kulisandutsa lotuwa mobiliŵila, matenda ochedwa argyria, ndipo mtunduwo sucoka. Angacepetsenso mphamvu ya maantibayotiki ena.

Conco musayese kupanga zimenezi kukhichini, pakuti silver nitrate amatentha khungu ndi maso. Musaleke ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a BP cifukwa ca botolo lolembedwa kuti “zacilengedwe”. Musanagule ciliconse, funsani wa ku famasi ngati cinavomelezedwa ndi ZAMRA, bungwe limene limayang'anila mankhwala m'Zambia kucokela pa lamulo la mu 2013. Ndipo inu amene mumayendela odwala m'makomo, mukaona botolo lotelo pambali pa bedi, limbikitsani abale kuti alinyamule akalionetse kwa dokotala pa ulendo wotsatila.