Luso Loluka Mphete za Waya Kukhala Zovala za Kumutu

Mwezi wa August caka ciliconse, pomwe Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, mikanda ndi zibangili zimakhala pa malonda. Amai ndi atsikana a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amafika pamwambowu atadzikongoletsa m'khosi, m'manja ndi kumutu. Pambali pa mikanda, pali luso lina lomwe anthu a nchito zamanja angaphunzile ali pakhomo. Ili ndi luso lolumikiza timphete ta waya mpaka titakhala ngati nsalu yacitsulo, yomwe pa Cingelezi amati chainmail.

Luso limeneli linayambila ku nkhondo. Akatswili a mbili yakale amati Aselote a ku Ulaya anali kuvala malaya a mphete zacitsulo zaka zoposa 2,000 zapitazo, pofuna kuti lupanga lisafike pathupi. Mu Africa, asilikali okwela pa akavalo a ku Bornu, dela lomwe tsopano lili kumpoto ca kum'mawa kwa Nigeria, nawonso anali kuvala malaya otele. Mfuti zitaculuka, malayawa anatha nchito. Masiku ano ogwila nchito m'mabuchala akulu amavala magolovesi a mphete zotele poteteza zala ku mpeni, pomwe ena amalukila zipewa, ndolo, zibangili ndi za m'khosi pongofuna kudzisangalatsa.

Waya wodzikongoletsela si wacilendo m'dziko lino. Mu 1960, anthu omwe anali kukumba pa Ingombe Ilede, kufupi ndi Siavonga m'cigawo ca Kum'mwela, anapeza manda akale momwe munali mikanda ya golide, zibangili za waya wa mkuwa, ndiponso zida zomwe amisili anali kukokela mkuwa kuti ukhale waya. Izi zionetsa kuti zaka mazana angapo zapitazo, amisili a m'mbali mwa Zambezi anali kudziwa kale kupanga waya ndi kuuvala.

Zida zofunika poyamba n'zocepa: waya, kandodo kacitsulo kapena msomali waukulu, codulila waya, ndi zopanila ziwili zomwe ambili amati pulayasi. Mmisili amakulunga waya pa msomali mothinana mpaka utaoneka ngati sipuling'i. Akauvula pa msomalipo, amaudula motsata mzele umodzi, ndipo mkombelo uliwonse umasanduka mphete. Waya wonenepa milimita 1 umayenda bwino ndi msomali wonenepa mamilimita 4 kapena 5. Mphete zikacepetsa, zimakana kulowana. Zikakulitsa, nsalu imakhala ya mipata ndipo imatambasuka.

Kalukidwe kodziwika kwambili ndi komwe mphete iliyonse imakola zinzake zinayi. Woluka amatseka mphete zinayi, kenaka amazilowetsa m'mphete yacisanu ndi kuitseka. Timagulu totele timalumikizidwa kukhala mzele, ndipo mizele ikalumikizidwa imapanga nsalu. Potsegula mphete, nsonga zake zimapotozedwa, ina kutsogolo ina kumbuyo. Ikakanulidwa cam'mbali imapindika ndipo sibwelelanso mwakale.

Covala ca kumutu cimayamba ndi kupima mutu ndi cingwe. Pali njila ziwili. Yoyamba ndi kuluka lamba wozungulila pamphumi, kenaka n'kupacikapo timizele tolendewela ta mphete kapena mikanda. Yaciwili ndi kuyambila pa mphete imodzi ya paliwombo n'kumaonjeza mphete pa mkombelo uliwonse kuti cipewa cifutukuke motsata mutu. Ngakhale cipewa cacing'ono cimafuna mphete mazanamazana, ndipo iliyonse imatsekedwa payokha ndi manja. Mphete yosatsekeka bwino imakola tsitsi ndi kukanda khungu, motelo wogula ayenela kusisita covalaco ndi cala asanapeleke ndalama.

Mtundu wa waya nawo uli ndi nkhani yake. Mkuwa ndi wofewa ndipo umaoneka bwino, koma ukakumana ndi thukuta umasiya mtundu wobiliwila pakhungu. Madzi a ndimu osakaniza ndi mcele amaubwezela kuwala kwake. Aluminiyamu ndi wopepuka, pakuti citsulo cimamuposa kulemela pafupifupi katatu, ndipo n'cifukwa cake amayenela zovala za kumutu. Citsulo cosacita dzimbili cimakhalitsa, koma n'colimba podula ndi popinda. Anthu ena khungu lawo limatuluka totupa likakhudzana ndi citsulo ca nikelo, motelo ndolo ndi za m'khosi zisapangidwe ndi waya wosadziwika mtundu wake.

Nkhani yaikulu ndi ya komwe waya wacokela. Kuba nthambo za magetsi za ZESCO ndi za mafoni ndi mlandu womwe umapeleka munthu kundende, ndipo wogula katundu wobedwa amakhalanso pa mlandu. Nthambo zikadulidwa, zipatala, masukulu ndi zigayo zimakhala mumdima, ndipo ena amataya moyo pogwila nthambo zomwe muli moto. Mmisili wanzelu amagula waya m'sitolo ya zipangizo, kapena amapempha zotsala kwa okonza mamota amagetsi omwe awadziwa. Kuocha nthambo pofuna kucotsa pulasitiki kumatulutsa utsi woononga mapapo. Pulasitikiyo imasendedwa ndi mpeni.

Palinso malile omwe mwambo unaika. Cingondo comwe namwali amavala kumutu pa cinamwali cili m'manja mwa anamkungwi, ndipo zovala za Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu onse, zimakonzedwa kudambwe ndi eni ake. Zinthu zimenezi si zoti munthu atengele maonekedwe ake n'kukagulitsa pamsika. Woluka mphete ali ndi malo okwanila pa zovala za paukwati, za magulu ovina a kusukulu ndi za alendo obwela ku Kulamba.

Amene afuna kuyamba angayambile pa cibangili cimodzi ca mizele itatu. Cibangilico cikagona bwino padzanja, osakola ubweya kapena kumasuka, ndiye kuti manja azolowela ndipo akhoza kuyesa covala ca kumutu.